Tisadye mbewu: mawu a pa msonkhano wathu wa Loweruka

Kwa mamembala onse. Ambiri munalephera kufika Loweruka chifukwa cha thiransipoti ndi mvula ija, ndiye a komiti andipempha kuti ndilembe zimene ndinayankhula kuti aliyense adziwerengere yekha. Ndi zazitali ndithu, pepani. Koma werengani mpaka pansi, chifukwa za Lachinayi zili kumapetoko. Mukatha tumizani ku magulu a m'madera mwanu, osasintha mawu.

Achinyamata anzanga, achimwene ndi achemwali, moni nonse. Amayi athu a mumsika amene mwasiya mabenchi anu kudzakhala nafe, zikomo kwambiri, tikudziwa kuti ola limeneli lakudyerani ndalama. Anyamata a kabaza amene mwaimika njinga panjapo, takuonani.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, wina asadzandiulule pa Facebook. Ine ndili ndi zaka 24, ndipo ndili ndi digiri ya za chilengedwe. Gauni ndinavala chaka chatha, chithunzi chili pakhoma kwa amayi. Makalata ofunsira ntchito ndinasiya kuwawerenga atakwana 40. Panopa m'mawa uliwonse ndimakhala pa benchi ya azakhali anga, kupakira makala m'timajumbo. Eya, sekani, nanenso ndimadziseka. Munthu amene analemba pepala lalitali la kuipa kodula mitengo, lero manja ali bii ndi makala. Ndipo timajumbo take ndi topyapyala tija tinaletsedwa. Tchimo lake ndi lapawiri.

Ndanena izi chifukwa sabata yatha pa gulu lathu la WhatsApp panabuka mkangano. Titakambirana zoika nkhani ya nkhalango, nthaka ndi migodi m'chikalata chathu cha madandaulo, mnzathu wina analemba kuti za mitengo tiwasiyire a mabungwe amene amalandira nazo maalawansi, ife tikufuna ntchito, mafuta ndi shuga wotchipa. Ambiri munamuvomera. Sindikumunyoza ayi. Amene analankhula ndi munthu wanjala, ndipo njala sinama. Koma ndikufuna kumuyankha makala ali m'zikhadabomu, kuti asanene kuti wayankhidwa ndi munthu wokhuta.

Ku yunivesite anatiphunzitsa liwu lalitali la Chingerezi limene pa wayilesi amalimasulira kuti chitukuko chokhazikika. Tinaliloweza, tinalilembera mayeso. Koma agogo anga aakazi, amene sanapondepo m'kalasi, ankalidziwa bwino kuposa ine. Tikakolola, iwo ankasankha zisononkho zonenepa, n'kuzimangirira kudenga la khitchini pamwamba pa moto kuti utsi uzizipirikitsira anankafumbwe. Chimanga chimenecho panalibe ochikhudza. Ngakhale mu Okutobala nkhokwe itapepuka, ife tikulira, agogo ankangoti, "Imeneyo ndi mbewu. Wodya mbewu wadya ana ake." Basi. Chitukuko chokhazikika ndi chimenecho. Idya, koma usadye mbewu.

Zimene ndikufuna kukuonetsani lero ndi zakuti dziko lathu lakhala likudya mbewu kwa zaka zambiri, ndipo ulova wathuwu, mizere ya mafuta ija, mtengo wa shuga uja, ndi njala imene imabwera pa khomo limene linadya mbewu.

Ine ndinabadwa mu 2001. Amayi amandiuza kuti anandiyamwitsa akudya gaga ndi nthochi zosakhwima, chifukwa kumayambiriro kwa 2002 kunagwa njala imene inapha anthu. Mvula inavuta, n'zoona. Koma chimene chinapha anthu si mvula yokha. Chimanga cha m'nkhokwe za boma, chimene chinasungidwira tsiku ngati limenelo, chinali chitagulitsidwa pafupifupi chonse. Pofika nthawi yoti chipulumutse anthu, nkhokwe zinali mbee. Ndiye ife a msinkhu uno tinabadwira m'nkhani yomweyi. Si yachilendo kwa ife.

Tiyeni tsopano titsate kajumbo kamodzi ka makala kamene ndimagulitsa, tione kumene kakutifikitsa.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali ana osakwana zaka 18. Makomo amene anali ndi magetsi a ESCOM anali pafupifupi 11 pa 100 aliwonse. Makomo oposa 9 pa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Ngakhale m'tauni muno, nyumba yoti ili ndi magetsi, mbaula imakhala pakhonde, chifukwa magetsiwo sadalirika ndipo mayunitsi sachedwa kutha. Ndiye makala ayenera kubwera basi. Amachokera ku Neno, ku Mwanza, ku Zalewa, ndipo a ku Lilongwe amadya Dzalanyama, nkhalango yomwe ndi gwero la madzi amene iwo omwe amamwa. Zinafika poti boma linatumiza asilikali kukalondera mitengo.

Phiri likameteka, mvula ikagwa madzi salowa pansi, amathamanga atanyamula dothi. Dothilo limathera mu Shire. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire momwemo, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Matope ndi zinyalala zikadzaza pamenepo makina amafooka, magetsi amazima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mukukumbukira mmene zinalili. Wometa anatseka, wowotcherera anatseka, chigayo chinkagaya usiku pakati. Fakitale imene ilibe magetsi silemba anthu ntchito, imachotsa. Wochotsedwayo, ndi ife amene sitinalembedwe n'komwe, timakathera kuti? Ku geni ya makala. Mwaona mmene chingwe chazungulirira? Kusowa kwa magetsi kumadula mitengo, kudula mitengo kumazimitsa magetsi, kuzima kwa magetsi kumapha ntchito, ulova umabwerera kukadula mitengo. Mnzanga amene unati za mitengo tizisiye, ntchito imene ukuifunayo ili m'chingwe chomwechi.

Za Freddy sindikufuna kunena zambiri, chifukwa ena mwa inu munakumba ndi manja anu. Mu Malichi 2023 phiri la Soche linatsika usiku n'kukwirira anthu ku Chilobwe. M'dziko lonse tinataya anthu oposa 1,000, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Zowonongeka anaziwerengera kuti zinaposa madola 500 miliyoni. Makolo athu ankati napolo, ndipo napolo si wachilendo, anadutsa ku Zomba mu 1946, anadutsa ku Phalombe mu 1991. Koma funsani kuti anthu anapezeka bwanji atamanga m'phiri lopanda mitengo, m'njira ya madzi. Sanapite kumeneko chifukwa chokonda mphepo yabwino. Anapita chifukwa malo a kumunsi ndi a anthu a ndalama, ndipo panali wina amene anawagulitsa malowo, panali ofesi imene inayang'ana kumbali. Mvula inachokera kumwamba, koma imfa zambiri zinakonzedwa pansi pano.

Tibwere ku munda. Kafukufuku amene anachitika mothandizidwa ndi bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 hekitala iliyonse inkataya dothi lokwana matani 29 pa chaka. Chaka chilichonse chonde chikupita ku nyanja ndi ku Shire. Nthaka ikaguga imafuna feteleza wambiri kuti ibereke zomwe inkabereka kale. Feteleza sitipanga, timagula kunja ndi madola. Mafuta timagula kunja ndi madola. Mankhwala a m'chipatala, madola. Pomwe zimene timagulitsa kunja, makamaka fodya, tiyi, shuga ndi nyemba, zimabweretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene timawononga pogula za kunja. Khomo limene limagula katatu kuposa zimene limagulitsa, mathero ake mukuwadziwa, ndi katapila.

Ndiye kwacha imagwa. Inagwa mu 2012. Mu Meyi 2022 anaigwetsa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Tinagona ndi ndalama yogula sopo awiri, tinadzuka ndi ya sopo mmodzi. Thumba la feteleza limene pa kampeni ya 2020 linkatchulidwa pa K4,495, pa msika linadutsa K100,000. Kuyambira 2005 boma lililonse lakhala likuthira mabiliyoni mu feteleza wotsika mtengo, dzina lokha ndi limene limasintha, koma zaka 20 zadutsa ndipo tikupemphabe chimanga. Mu Malichi 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba. Sindikunena kuti mlimi wosauka asathandizidwe, amayi anga omwe amadikira makuponi. Ndikunena kuti kuthira feteleza pa dothi limene likukokoloka kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Ndalama zimenezo zikanagawidwa, zina n'kupita ku ulimi wothirira, ku alangizi a zaulimi, ku manyowa, ku mitengo ya nsangu ndi nandolo zobwezera chonde, bwenzi lero tikukamba zina. Koma manyowa sawina chisankho. Kuponi ndi imene imawina.

Mbewu ina imene tikudya ndi ya ana athu amene sanabadwe, ndiyo ngongole. Mu 2006 dziko lino linakhululukiridwa ngongole zambiri za kunja. Tinayamba ngati mwana wobadwa kumene. Zaka zosakwana 20, tabwerera m'khosi momwemo, moti ndalama zolipira chiwongoladzanja chokha pa chaka zikuposa zimene timapereka ku zaumoyo. Ngongole si tchimo ayi. Ukakongola kuti ugule khasu, khasulo lidzabweza. Koma ukakongola kuti ugule galimoto za akuluakulu, maulendo ndi maalawansi, wabweza ndani? Amene anasaina ngongolezi ambiri ali ndi zaka zoposa 60. Obweza ndi ife, ndi ana amene ali ku pulayimale lero.

Ndipo tsopano maso onse ali pansi pa nthaka. Mwamva za Kasiya ku Lilongwe, za Kangankunde ku Balaka, za Songwe ku Phalombe, za Kanyika ku Mzimba. Akutiuza kuti migodi ndi imene itipulumutse. Mwina. Koma tinayesapo kale. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014. Bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti chifukwa cha misonkho imene boma linakhululukira kampaniyo ndi njira zina zochepetsera msonkho, Malawi anataya madola 43 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi. Mtengo ukaudula umaphukira. Mwala ukaukumba suphukiranso. Imeneyi ndi mbewu yodzala kamodzi, ndipo mapangano ake akasainidwa mumdima, tidzatsala ndi maenje ndi fumbi.

Tsono funso ndi lakuti, anthu ophunzira chonchi, a madigiri kuposa yangayi, sadziwa zimenezi? Amadziwa. Mapepala alipo. Tinali ndi Vision 2020, chaka chake chinafika, tinangoyang'anana. Mu Januwale 2021 anakhazikitsa Malawi 2063. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 13, amalamula boma kusamalira chilengedwe ndi kulemekeza ufulu wa mibadwo ya m'tsogolo. Zinalembedwa kale zimenezo. Vuto ndi lakuti wandale amaona zaka zisanu zokha, pomwe mtengo wa mbawa umafuna zaka makumi, mwana wa sitandade 1 amafuna zaka 16 kuti afike pamene ndafika ine. Chilichonse chimene chimabereka mochedwa chilibe mwini wake ku Nyumba ya Malamulo.

Ndipo pasapezeke wina pano wonena kuti ndatumidwa ndi chipani. Tiyeni tiwerenge limodzi. Chimanga cha m'nkhokwe chinagulitsidwa nthawi ya achikasu. Cashgate ya 2013, ndalama zoposa K20 biliyoni, inali nthawi ya aolenji. Nkhani ya chimanga cha ku Zambia ya 2017 inali nthawi ya abuluu. K6.2 biliyoni ya Covid, ndi K750 miliyoni imene inalipidwa mu 2022 ku kampani yogulitsa nyama ku Britain kuti itibweretsere feteleza, inali nthawi ya atambala ndi anzawo, omwe aja anatilonjeza ntchito 1 miliyoni ndi kudya katatu. Nsalu zimasintha, mphika ndi womwewo. Pa 16 Sepitembala tinavotanso, boma lasintha. Ena akuti tiwapatse mpata. Mpata tawapatsa, ndi wawo zaka zisanu. Koma m'mera mpoyamba. Mukadikira chaka chachinayi kuti mufunse, adzakuyankhani ndi tisheti.

Apa ndiye pali mbali yathu, ndipo ndikupempha kuti musakwiye. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna mavoti. Nanga amene amaima pa mzere kulandira K2,000 ija ndi ndani? Amene amadzipaka penti thupi lonse, kukwera pa lole, ndi ana a nduna? Amene amapatsidwa chikwanje ndi kachasu kuti akakhape anzawo ochita zionetsero, ndi ana a ndani? Ndi ife. Nanenso mu kampeni yapitayi ndinalandira tisheti ndi ndalama ya thiransipoti, sindinama. Voti ndi mbewu. Timaigulitsa pa mtengo wa chakudya cha tsiku limodzi, kenako zaka zisanu tikulira. Anzathu ena atopa, angonyamuka. Ena ali ku Johannesburg, ena anakwera ndege mu Novembala 2023 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Sindiwaweruza, pasipoti ikanakhala m'thumba mwina bwenzi nanenso ndili komweko. Koma taganizani, dziko limene lakulera, lakuphunzitsa mpaka digiri, kenako n'kukutumiza kukathirira munda wa eni. Ngati kumeneko si kudya mbewu, ndiye n'chiyani?

Ndimvetsetseni bwino pa nkhani ya makala. Mdani wathu si bambo amene amakankha njinga ya matumba atatu kuchokera ku Neno usiku wonse. Iye ndi amene amagwidwa, njinga kulandidwa, chifukwa lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020. Koma malole odzaza makala amadutsa bwanji pa marodibuloko onse aja mpaka kufika m'tauni? Ali ndi mapiko? Kuletsa makala popanda kupatsa anthu chophikira china n'kungokweza mtengo wa ziphuphu. Azakhali anga adzasiya makala tsiku limene gasi adzatsike mtengo, magetsi adzadalirike, ndipo padzapezeke geni ina yodyetsa ana asanu. Zotheka zilipo. Ku Salima kuli magetsi a dzuwa a mamegawati 60, ku Golomoti a 20. Dzuwa silifuna madola tsiku ndi tsiku ngati dizilo. Pali achinyamata amene akupanga makala a zinyalala ndi a nsungwi, pali amayi oumba chitetezo mbaula. Chimene akusowa ndi mpamba ndi msika, osati nzeru.

Wina anandifunsa kuti, nanga si azungu ndi amene anawononga nyengo ndi mafakitale awo? Zoona. Utsi umene Malawi amatulutsa ndi kadontho chabe, koma anamondwe akutipeza ife. Mu 2022 ku Sharm el-Sheikh mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira zowonongeka ngati zathuzi, ndipo tiyenera kulondola ndalama zimenezo mopanda manyazi, chifukwa si chithandizo, ndi chipukuta misozi. Koma si mzungu amene anameta Ndirande ndi Soche. Si mzungu amene anatha mkungudza wa pa Mulanje, kapena kugawana Chikangawa, nkhalango ya mahekitala 53,000, mpaka kutsala zitsa. Ndipo ndalama za chipukuta misozizo zikabwera n'kugwera mu mphika womwe uja, wa ku Chilobwe sadzaona ngakhale lata limodzi.

Kodi kuyenda mumsewu kumasintha kanthu? Mbiri yathu ikuyankha. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo, ophunzira a ku Chancellor College ndi amene anatuluka kuwaikira kumbuyo, nthawi yoti kutsegula pakamwa kunali kuika moyo pa chiswe. Pa 14 Juni 1993 dziko linavotera zipani zambiri. Pa 20 Julayi 2011 anthu anatuluka chifukwa cha mafuta ndi madola, zomwezi tikulirira lerozi, ndipo anthu 20 anaphedwa. Miyezi iwiri pambuyo pake Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, anapezeka atafa pa sukulu pomwepo. Mu 2019 tinayenda miyezi yambiri chifukwa cha chisankho cha tipeksi, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 khoti linachifafaniza. Ndiye msewu uli ndi mphamvu, ndipo uli ndi mtengo wake. Koma onani chimene timalakwitsa nthawi zonse. Timayenda kuti tichotse munthu, akachoka timabwerera kunyumba kukagona. Sitinayendepo kuti tisinthe mphika.

Pali chitsanzo chimodzi chimene chimandilimbitsa mtima. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani anathamangira ku khoti. Anthu wamba ndi mabungwe sanatope, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhale. Mayi Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi. Komabe timajumbo tija tili pa benchi ya azakhali anga mpaka lero. Phunziro lake ndi lakuti kupambana pa pepala ndi theka chabe. Theka linalo ndi kulondola, mwezi ndi mwezi, mpaka atatopa ndi iwo osati ife.

Ndiye chikalata chathu cha Lachinayi chili ndi mfundo zisanu, ndipo chilichonse chili ndi chinthu choti tingathe kuchiwerenga.

Choyamba, mapangano onse a migodi aikidwe poyera, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, kuti wa ku Kasiya ndi wa ku Kanyika adziwe chimene dziko lipeze, chimene mudzi wake upeze, ndi amene adzakwirire maenje.

Chachiwiri, boma lisindikize ngongole zonse zimene tili nazo, tinakongola kwa ndani, zinagwira ntchito yanji, ndipo ngongole yatsopano iliyonse izikambidwa poyera isanasainidwe.

Chachitatu, khonsolo itiuze ndalama za chitukuko cha m'madera zimene yalandira ndi zimene yagwiritsa ntchito, wodi ndi wodi, ndipo zimatidwe pa bolodi pamene aliyense angawerenge.

Chachinayi, nyengo yodzala mitengo ikuyamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Chaka chilichonse timamva mamiliyoni a mitengo yodzalidwa, akuluakulu atavala magambuti pamaso pa makamera. Ife tikufuna chiwerengero cha imene yapulumuka pakatha chaka. Ndipo ntchito yosamalira mitengo m'mapiri a mzinda uno, ndi yoteteza zitsa zimene zikuphukira, ipatsidwe kwa achinyamata a m'madera momwemo, yolipidwa, malipiro ake molingana ndi mitengo yamoyo.

Chachisanu, mabanja amene akukhalabe m'njira za madzi apatsidwe malo enieni, okhala ndi madzi, sukulu ndi msika pafupi, mvula isanafike pachimake. Kuuza munthu kuti samuka osamuuza kopita ndi kumunyoza.

Sitikathera pa kupereka chikalata. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. Ambiri sitinaligwiritsepo ntchito. Lachinayi lomwelo tikasiya makalata ofunsa pa mfundo iliyonse, tikasainitsa, ndipo tiziwerenga masiku pa gulu pano. Akapanda kuyankha tikadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Amene munaphunzira za malamulo, za chuma ndi za akawunti, madigiri aja atuluke m'masutikesi. Ntchito yapezeka, ngakhale ilibe malipiro.

Tsopano za Lachinayi. Gawo 38 la malamulo aakulu limatipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Kalata yodziwitsa a bwanamkubwa ndi apolisi inaperekedwa nthawi yake isanathe, ndipo kope lake lili ndi a komiti. Malo okumanira ndi nthawi alengeza Lachitatu madzulo pa gulu lino lokha. Uthenga wochokera kwina musaukhulupirire.

Osanyamula mwala, ndodo kapena mpeni. Osabwera utaledzera. Osavala makaka a chipani chilichonse. Osaotcha matayala, chifukwa phula likapsa limakumbika, ndipo msewu umenewo tidzaulipira ndife ndi ngongole ina. Osagwira katundu wa munthu. Mayi wogulitsa tomato pa mseu si amene anagwetsa kwacha, ndipo shopu imene ungaswe ndi kumene mlongo wa mnzako amagwira ntchito. Kuba pa zionetsero nakonso n'kudya mbewu, chifukwa mawa tikadzaitana anthu adzatseka zitseko. Mukaona wina akuyambitsa chisokonezo, musamumenye, uzani otsogolera amene avale nsalu yoyera pa mkono. Nyamulani madzi, kansalu, ndi chitupa chanu. Uzani wina kunyumba kumene mwapita. Achemwali athu aziyenda pakati, ndipo aliyense wowachita chipongwe si wathu, tidzamupereka tokha.

Chomaliza, ndipo ichi ndi cholemera. Sabata ino munthu wina wa ndale anatumiza uthenga kwa a komiti kuti akufuna kutithandiza ndi malole, zokuzira mawu ndi kenakake ka aliyense. Takana. Ndikudziwa kuti ena mwakhumudwa, chifukwa m'thumba la gulu muli ndalama zosakwana kubwereka ngakhale lole imodzi. Koma amene wakugulira mbewu ndi amene amadzakolola. Tikalandira lero, mawa akadzalakwa pakamwa padzakhala podzaza. Tiyenda wapansi. Amene angathe kusonkha K500 asonkhe kwa msungichuma, ndipo ndalama iliyonse ilembedwa pa gulu pano, yolowa ndi yotuluka, kuti zimene tikufuna kwa boma tiyambe kuzichita ife.

Agogo anga anamwalira ndili folomu 3. Chaka cha njala chija anadya gaga, anadya mizu, anaonda mpaka anthu kuwaiwala nkhope, koma zisononkho za kudenga zija sanazigwire. Mvula itagwa anadzala. Ndi chifukwa chake amayi anga anapulumuka, ndi chifukwa chake ndaima pano. Lachinayi m'mawa ndikapakira makala a azakhali mpaka 7 koloko, chifukwa ana kunyumba ayenera kudya. Ndikatero ndisamba m'manja, ndinyamula chikalata chathu, ndikupezani.

Mafunso onse apite kwa a komiti, ndipo amene ali ndi luso lomasulira chikalatachi m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena ndi m'Chitumbuka atipeze lisanafike Lachitatu.